Filimu ya anthu awiri osiya kuyankhulana

Ndikati ndifotokoze nkhani ya The Banshees of Inisherin m'chiganizo chimodzi, nkhope ya wondimvera imagwa ndikuona. Munthu wina wadzuka m'mawa n'kutsimikiza mumtima kuti sakufunanso kucheza ndi mnzake. Basi, nkhani yake ndi imeneyo. Palibe mkazi amene akulimbirana, palibe ngongole, palibe za malire a munda. Mphindi 114 zathunthu. Ndiye wina amafunsa kuti, "Aise, bandulo yangayi ndiithere zimenezo?" Funsolo ndi lomveka, ndipo ndiyankha mosazungulira: eya, ionereni. Koma muyambe mwadziwa chimene mukukagula.

Filimuyi inatuluka mu 2022. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Martin McDonagh, yemwe uja wa In Bruges ndi Three Billboards Outside Ebbing, Missouri. Nkhani ikuchitika mu 1923 pa kachilumba kongopeka kotchedwa Inisherin, kumadzulo kwa Ireland, ngakhale zithunzi zake anazijambula pa zilumba zenizeni, Inis Mór ndi Achill. Pádraic, yemwe ndi Colin Farrell, ndi mlimi wa ng'ombe zamkaka, munthu wosavuta, wokhala ndi mlongo wake Siobhán komanso kabulu kake kotchedwa Jenny, kamene amakalowetsa m'nyumba mlongoyo akangoyang'ana kumbali. Tsiku lililonse 2 koloko masana amakagogoda kwa Colm, yemwe ndi Brendan Gleeson, kuti apitire limodzi kubala. Tsiku ili Colm sakutsegula. Wangokhala m'nyumba, fodya ali fuu. Pádraic akufunsa ngati analakwa kanthu ataledzera. Ayi. Kodi anatukwana? Ayi. Colm akungomuuza kuti sakumufunanso, chifukwa ndi munthu wotopetsa.

Penapake Pádraic akuyang'ana pa kalendala n'kuona kuti tsikulo linali 1 April, ndiye akuthamanga ndi chimwemwe poganiza kuti inali nthabwala ya tsiku la zitsiru. Apa ndinaseka, kenako ndinamva chisoni kuti ndaseka. Filimu yonseyi imayenda choncho. Imakukirigita ndi dzanja limodzi, linalo lili pakhosi.

Tsono za kuchedwa kwake. Ndi zoona, imayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Kamera imaima nthawi yaitali pa mipanda yamiyala, pa nyanja, pa munthu akuyenda yekha m'kanjira. Ife amene tinazolowera mafilimu a m'mavidiyo sho, oti pakatha mphindi zisanu popanda wina kumenyedwa anthu amayamba kuliza makhweru, timayamba kutembenukatembenuka pampando. Koma ine ndimaona kuti kuchedwaku ndi kumene kwanyamula nkhani yonse. Pachilumbapo pali tchalitchi chimodzi, sitolo imodzi, bala imodzi, wapolisi mmodzi. Mayi wa m'sitolo, Mrs O'Riordan, ali ndi njala ya nkhani moti amatsegula makalata a anthu, ndipo amakwiya ukabwera kudzagula zinthu wopanda mphekesera. Ukakhala m'malo otere kwa theka la ola, ngakhale pa kanema chabe, umayamba kumvetsa chimene chikumudya Colm. Wakalamba, amaimba vayolini, ndipo waona kuti zaka zimene zamutsalira zithera kumvetsera nkhani za Pádraic, yemwe tsiku lina anatha maola awiri akufotokoza zimene anapeza m'ndowe za kavalo wake. Akufuna kupeka nyimbo imene idzatsale iye atapita. Filimu ikanakhala yothamanga, Colm akanangooneka ngati mdala wamisala. Kunyong'onyeka kwathu koonera ndi kumene kumatipangitsa kumuikira kumbuyo, pang'ono pokha.

Koma kuchedwa komweko kumatisonyezanso chinthu china. Mutauni ukathetsa chinzake umangosiya kuyankha foni, nambala n'kuifufuta. Pamudzi waung'ono mulibe kothawira. Mukumana kutchalitchi, mukumana panjira, ndipo kubala mukhala mafomu oyang'anizana anthu onse akukuonerani. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa mmene kusayankhulana kwa anthu awiri kumakhalira katundu wa mudzi wonse. Pádraic sangathe kulilira kumbali. Farrell wasewera munthu ameneyu ndi nsidze zake basi; zimakwera, zimagwa, zimakumana pakati ngati za mwana amene anzake amuthawa. Munthu wamkulu ndithu, koma sakumvetsa kuti chikondi chingathe popanda mlandu. Kunena zoona, ndani amamvetsa?

Poti Pádraic sakusiya kumulondola, Colm akulumbira: ukandiyankhulanso, ndidzidula chala chimodzi ndi sizasi yometera nkhosa, ndipo ndiyambira dzanja limene ndimagwirira zingwe za vayolini. Izi sindikuulula chinsinsi, zili kale m'kanema wotsatsira filimuyi. Chokhacho ndinganene n'chakuti mdalayo samangowopseza. Apa ndi pamene ena amadzuka n'kunena kuti n'zopanda nzeru, munthu wofuna kuimba angadule bwanji zala zoimbira? Ine ndimati pamenepo ndi pamene McDonagh watigwira. Colm akuti akufuna mtendere kuti apeke nyimbo, koma akuwononga chida chokhacho chopekera nyimboyo. Ndimakaika ngati nyimboyo ndiyo inali nkhani yeniyeni. Akapita kukaulula machimo, wansembe amamufunsa za kutaya mtima kwake ngati munthu wofunsa za nthenda yakale imene onse awiri akuidziwa. Mwina Colm akuopa kuti luso lake ndi lochepa, ndipo n'kwapafupi kunena kuti ndinalepheretsedwa ndi mnzanga wolongolola kusiyana ndi kuvomera kuti ndinali woimba wamba. Munthu wopanda zala palibe angamufunse chifukwa chake sanakhale katswiri.

Gawo limene ndimalibwereza kwambiri ndi la usiku wina kubala. Pádraic wamwa kachasu wa kwawoko, wiski, ndipo kwa nthawi yoyamba akuyankhula mwamphamvu. Colm akunena kuti palibe amene amakumbukiridwa chifukwa chokhala munthu wabwino; chimene chimatsala ndi nyimbo, zojambula, ndakatulo, ndipo akupereka chitsanzo cha Mozart. Pádraic akuyankha kuti iye amakumbukira mayi ake, bambo ake, ndipo mlongo wake adzamukumbukira mpaka kale, chifukwa anali anthu abwino. Kwa ife olemba, mkangano umenewu umatibaya penipeni. Ndani wa ife sanatsekepo chitseko, kapena kuzimitsa foni, ponena kuti ndikulemba, kwinaku wachibale akudikira panja? Ndipo pa zolemba zimene tinatsekera anthu chitsekozo, ndi zingati zimene wina adzawerenge tikadzapita? Filimuyi siikupatsa aliyense chipambano. Imangomulola Siobhán kumukonza Colm modekha kuti Mozartyo wamuika m'zaka zolakwika. Mdala wodzitama ndi nzeru uja, kani sadziwa n'komwe nthawi imene ngwazi yake inakhala.

Ine mtima wanga uli kwa Siobhán ameneyu, yemwe ndi Kerry Condon. Ndi yekhayo amene amawerenga mabuku pachilumbapo, ndipo amauza Colm pamaso kuti amuna onse a pamalopo ndi otopetsa, iyenso Colm alimo. Njala imene ali nayo ndi yomweyo ya Colm, koma iye sakudula chala chake kapena mtima wa munthu. Akulandira kalata ya ntchito ya ku laibulale kumtunda, akulongedza sutikesi. Ndiye pali Dominic, mwana wa wapolisi, yemwe Barry Keoghan wamusewera mopweteka mtima. Anthu amamutenga ngati chitsiru cha pamudzi, bambo ake amamumenya ndi kumuchita zoipa zina, koma ndi iye amene akuyamba kuona kuti Pádraic, munthu wabwino uja, wayamba kuuma mtima. Pali kagawo kakafupi m'mphepete mwa nyanja yaing'ono pamene akufunsira Siobhán. Sikafika n'komwe mphindi zitatu, koma ndi kamene kamanditsalira m'mutu kuposa zala zija. Za kabulu Jenny sindinenapo kanthu. Mukaone nokha.

Kutsidya kwa madzi kukumveka mizinga. Imeneyo ndi nkhondo yapachiweniweni ya ku Ireland, imene inayamba mu June 1922 n'kutha mu May 1923. Anthu amene anamenyana ndi Britain ali mbali imodzi anagawanika chifukwa cha pangano la mu December 1921, ena akuti tilivomere, ena akuti ndi kugulitsa dziko, mpaka anayamba kuphana okhaokha. Michael Collins, mmodzi mwa amene anasaina panganolo, anaphedwa mu August 1922. N'zoonekeratu kuti McDonagh akufanizira abwenzi awiriwa ndi nkhondoyo, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti filimuyi yafooka. Nkhondo ija inali ndi zifukwa zake zenizeni, monga lumbiro la kukhulupirika kwa mfumu ya ku Britain. Kuisandutsa mkangano wa madala awiri ouma mitu ndi kuipeputsa. Anthu ena a ku Ireland anadandaulanso kuti McDonagh, wobadwira ku London kwa makolo achi Irish, wajambula Ireland wa pa positikhadi, wa mowa, ansembe ndi anthu osauka oseketsa. Dandaulolo lili ndi mutu. Pa zilumba za Aran mu 1923 anthu ankayankhula chi Irish, pomwe m'filimumu onse akuyankhula Chingerezi. Mukamaonera musaitenge ngati phunziro la mbiri. Ili pafupi ndi nthano, ndipo ili ndi gogo wake wa m'nthano, Mrs McCormick, amene amangotulukira paliponse ndi ndodo yake n'kumalosera maliro. Dzina lakuti banshee limachokera pamenepo: m'chikhulupiriro cha ku Ireland ndi mzimu wachikazi umene kulira kwake kumalengeza kuti wina amwalira.

Za mphotho ndingodutsapo. Ku Venice, Farrell anatenga ya wosewera wamwamuna wopambana, McDonagh ya kalembedwe. Ku Golden Globes inatenga zitatu, ku BAFTA zinayi, kuphatikizapo za Condon ndi Keoghan. Ku Oscars ya 2023 inasankhidwa m'magawo 9 n'kubwerako chimanjamanja, chaka chimene Everything Everywhere All at Once inakokolola. Mphotho sizinapangitsepo munthu watulo kukhala maso, ndiye zisakukakamizeni.

Ngati mwaweruka kuntchito mutatopa ndipo mukufuna yoti museke n'kukagona, iyi si yake, ikudikireni Loweruka. Ngati magazi amakuchititsani nseru, dziwani kuti alimo, ochepa koma osabisa. Mulinso kutukwana kwambiri, ndiye ana akagone kaye. Muyatse mawu olembedwa pansi aja, chifukwa Chingerezi cha kumadzulo kwa Ireland chimapinda lilime mwa mtundu wake, ndipo nthabwala zambiri zabisala m'kubwerezabwereza kwa mawu, makamaka kwa mwini bala ndi mnzake amene amangomutsanzira chilichonse. Foni muiike kutali. Ndipo ngati pali munthu amene munasiya kumuyankhula osamuuza chifukwa, kapena amene anakusiyani inu choncho, ioneni muli nokha.