Hillbrow: Magazi Ayambe, Kukongola Kutsate

Mlendo wotsika basi pa Park Station mumzinda wa Johannesburg akakweza maso, amaona nsanja ya Hillbrow, yotalika mamita 269, yomwe inamalizidwa mu 1971. M'munsi mwake muli nyumba zosanjikizana momwe anthu ochokera ku Malawi, Zimbabwe, Congo ndi Nigeria akhalira limodzi ndi eni dziko mothithikana ngati chimanga m'nkhokwe. Kwa ambiri ochoka ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay, Joni amayambira pano.

Mumsewu wa Pretoria Street malonda a kukongola sagona. Masaluni andandalikana, ndipo mafuta oyeretsa khungu amagulitsidwa mobisa ngakhale kuti boma linaletsa mankhwala a hydroquinone m'zodzola mu 1990. Malonda ena amafika pafoni: zithunzi za amayi amene anachotsedwa mafuta a pamimba, kukuzidwa matako kapena kuchepetsedwa mabere m'zipatala zolipira za kumadera olemera monga Sandton. Maopareshoni otere munthu amachita kusankha yekha, osati chifukwa cha matenda, ndipo alipo amene amasunga ndalama zaka zingapo kuti awafikire.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene zithunzizo sizionetsa ndi magazi. Dokotala woyenera asanagwire mpeni amayamba wayeza hemoglobini, mbali ya magazi yonyamula mpweya wabwino kupita nawo m'thupi lonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi amene sali woyembekezera ali ndi magazi ochepa ngati muyeso wake sufika magalamu 12 pa desilita, ndipo kwa abambo malire ndi 13. Kuyeza kwina, kwa feritini, kumasonyeza ayironi amene thupi lasunga, pakuti nkhokweyi imatha kuuma hemoglobini asanatsike.

Vutoli si la anthu owerengeka. Kafukufuku wa zaumoyo wa ku Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi magazi ochepa, ndipo wa ku South Africa wa 2016 anapezanso chimodzimodzi. Opareshoni iliyonse imataya magazi. Wolowa ali nawo ochepa kale amachira mochedwa, bala lake silichedwa kugwira tizilombo, mtima umagwira ntchito mopanikizika, ndipo angafunike kuikidwa magazi amene akanapulumutsa mayi wobereka kapena wovulala pangozi.

Gwero la vutoli limaoneka madzulo m'zipinda za Hillbrow, momwe mabanja angapo amagawana chipinda chimodzi ndi makatani. Wogwira ntchito ya m'nyumba kapena woluka tsitsi amabwera atatopa, n'kugonera buledi ndi tiyi, kuti ndalama yotsala ipite kumudzi. Tiyi womwera limodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga ayironi. Ena amachita kudzimana chakudya kuti achepe thupi tsiku la opareshoni lisanafike. Palinso kusamba kotaya magazi ambiri, kawirikawiri chifukwa cha zotupa za m'chiberekero, kubereka pafupipafupi, komanso malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba zimene munthu anachoka nazo kwawo.

Ayironi sagwira ntchito yekha. Thupi limafuna vitamini B12 ndi foliki asidi kuti lipange magazi, ndiponso vitamini C ndi zinki kuti bala lipole. Kuyambira mu 2003, lamulo la South Africa limakakamiza zigayo kuthira ayironi, zinki, vitamini A ndi mavitamini ena a gulu la B mu ufa wa chimanga ndi wa buledi. Izi zimathandiza kupewa, koma sizichiza munthu amene magazi ake atsika kale. Ngakhale madiripi a mavitamini amene amatsatsidwa m'malo okongoletsera anthu salowa m'malo mwa kuyezetsa.

Mankhwala enieni amafuna nthawi. Mapiritsi a ayironi amatenga masabata angapo kuti akweze magazi, ndipo amamwedwa miyezi ina itatu kuti nkhokwe idzaze. Amadetsa chimbudzi, zomwe siziyenera kuopsa munthu, koma ayenera kubisidwa kwa ana chifukwa akamwa ambiri ndi poizoni. Ngati nthawi yachepa, madokotala amapereka ayironi kudzera mumtsempha. Opareshoni yodzikongoletsa ilibe changu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Woumiriza kucheka munthu asanamuyeze magazi ngwofunika kumuthawa, ndipo dzina la dokotala aliyense liyenera kupezeka m'kaundula wa bungwe la Health Professions Council of South Africa.

Koyambira kulipo pafupi. Chipatala cha boma cha Hillbrow Community Health Centre chili m'dera lomweli, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku Charlotte Maxeke, ku Parktown. Khomo lake silikhala lophweka nthawi zonse kwa mlendo: mu 2025 gulu la Operation Dudula linkatsekereza anthu a m'mayiko ena pazipata za zipatala zina, mpaka khothi lalikulu ku Johannesburg linaliletsa mu Novembala chaka chomwecho. Gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo, amene khothi lowateteza lili pa Constitution Hill m'malire a Hillbrow, limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo.

Phunziro la Hillbrow limabwerera kumunda. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi khwanya, zimene ena amazinyoza kuti ndi ndiwo za amphawi, zimathandiza kumanga magazi, makamaka zikadyedwa ndi usipa, matemba kapena chiwindi, n'kutsatiza gwafa, malambe kapena lalanje. Nyemba za NUA 45, zolimidwa ku Malawi, zili ndi ayironi wochuluka kuposa nyemba wamba. Mlangizi wa zaumoyo akaona mtsikana wa zikhatho zotuwa, wochita chizungulire ndi phuma pokatunga madzi, kapena wolakalaka kudya dothi, amutumize kukayezetsa. Mtsikana ameneyo mawa angakwere basi ya ku Joni, angakaberekere kutali ndi kwawo, kapena angakagone pabedi la opareshoni. Chimene chidzamudzutse pabedipo ndi magazi amene anamangidwa pa mbale ya kwawo.