Anayimba ng'oma zija ndi ndani?

Mukamvetsera nyimbo ya James Taylor yotchedwa "Fire and Rain", tcherani khutu ku ng'oma. Zimalira mwaphee, ngati munthu akusesa pakhonde m'mamawa anzake akadali mtulo. Woyimbayo sanagwiritse timitengo ayi, anagwiritsa timabulashi ta waya, ndipo dzina lake ndi Russ Kunkel. Pa piyano pali Carole King. Timawadziwa chifukwa mayina awo analembedwa pachikuto cha chimbale cha Sweet Baby James mu 1970, ndipo amene analimbikira kuti alembedwe ndi wojambula chimbalecho, Peter Asher. Mkuluyu wandikhala m'mutu masiku ano.

Anabadwira ku London mu 1944. Ali ndi zaka 8 anali kale pa kamera, akusewera ngati mwana wa Claudette Colbert ndi Jack Hawkins mufilimu ya The Planter's Wife ya 1952. Mlongo wake Jane nayenso ankasewera m'mafilimu. Bambo awo anali dokotala wodziwika, mayi awo ankaphunzitsa chitoliro chotchedwa oboe pasukulu ya nyimbo ya Guildhall, ndipo mmodzi mwa ophunzira awo anali George Martin, uja anadzakhala wojambula nyimbo za The Beatles.

Kusukulu ya Westminster, Peter anakumana ndi Gordon Waller n'kuyamba kuyimba awiri, dzina lawo Peter and Gordon. Mu 1963 Jane anayamba chibwenzi ndi Paul McCartney, ndipo Paul anasamukira m'nyumba ya banjali mumsewu wa Wimpole Street, chipinda chake choyandikana ndi cha Peter. Paul anali ndi nyimbo ina imene gulu lake silinaifune, "A World Without Love". Anawapatsa anyamatawa, ndipo mu 1964 inafika pa nambala wani ku Britain ndi ku America komwe.

Ndikudziwa zimene mukunena mumtima: aaa, uyu ndiye anabadwira pamwayi. Sindikutsutsani. Ukakhala kuti alamu ako ndi McCartney ndipo mukudyera tebulo limodzi, zitseko zimatseguka zokha. Chimene chimandikopa ine ndi chimene anachita nawo mwayiwo kutchuka kutayamba kuzilala.

Asanafike kumeneko anaona kanthu kena. Mu 1966 Paul anawalembera nyimbo ina, "Woman", koma anabisa dzina lake, pachimbale n'kulembapo Bernard Webb. Ankafuna aone ngati nyimbo yake ingagulidwe popanda dzina lalikulu lija. Paul akanatha kusewera ndi dzina choncho chifukwa anali nalo lokwana n'kutsala. Anthu ambiri a mu situdiyo analibe n'komwe loti abise.

Peter and Gordon atasiyana, mu 1968 The Beatles anamupatsa Peter ntchito yosaka oyimba atsopano kukampani yawo ya Apple. Tsiku lina anamuyimbira foni mnyamata wa ku America wosadziwika, James Taylor. Nambala anaitenga kwa mnzake Danny Kortchmar, woyimba gitala amene kale anaperekezako Peter and Gordon paulendo wawo wa ku America. Tangoonani: amene anabweretsa Taylor ndi munthu wa kumbuyo, uja omvera samuyang'ana. Peter anajambula chimbale choyamba cha Taylor, koma sichinayende malonda, ndipo mwiniwakeyo anali atakodwa mu heroin. Apple nayo inali pachipwirikiti. Peter anasiya ntchito, n'kusamukira ku America ndi woyimba woti wina aliyense akanamutaya, ndipo mu December 1969 anajambula Sweet Baby James ku Los Angeles.

Kuti mumvetse kulemera kwa mayina aja, dziwani mmene zinalili. Zimbale za jazi zinkalemba woyimba chida aliyense, koma nyimbo zambiri za pop ayi. Ku Detroit, gulu la Funk Brothers linayimbira Motown nyimbo zimene zinavinidwa dziko lonse, mayina awo osaoneka paliponse mpaka pa chimbale cha Marvin Gaye cha What's Going On mu 1971. Besi imene imatsegula "My Girl" ndi ya James Jamerson. Anamwalira mu 1983, ambiri mwa amene ankavina zala zake asakumudziwa.

Dzina pachikuto si ulemu chabe, ndi ganyu ya mawa. Anthu atayamba kuwerenga kuti Kunkel, Kortchmar, kenako Leland Sklar wa besi, mafoni awo sanapumenso. Oyimba ena ankati tipezereni yemwe uja wa kwa James Taylor. Atatuwa pamodzi ndi Craig Doerge anafika popanga gulu lawolawo, The Section. Chimodzimodzi Peter atayamba kugwira ntchito ndi Linda Ronstadt: pa chimbale cha Heart Like a Wheel cha 1974, aliyense akanatha kuwerenga kuti Andrew Gold anayimba gitala mu "You're No Good". Peter mwini anapata mphoto ya Grammy ya wojambula nyimbo wopambana kawiri, ya chaka cha 1977 ndi ya 1989.

Ine ndimaganiza kuti munthu amene anaomberedwa m'manja ali ndi zaka 8, n'kukhala nambala wani ali ndi zaka 20, anali atakhuta. Wokhuta savutika kugawa. Komanso ankadziwa mafilimu, kumene kumapeto amalemba ngakhale wosoka zovala. Amene tili ndi njala ya dzina ndi amene timaumira nalo, ngati kutchula mnzathu kungatichotsere kachidutswa.

Nanga ife lero? Chikuto kulibe. Nyimbo imafika pa WhatsApp ili ndi mutu ndi dzina la woyimba basi, nthawi zina lolembedwa molakwika. Ojambula nyimbo anachenjera, amafuula dzina lawo kumayambiriro kuti lisatayike m'njira. Koma wa gitala sangafuule. Mtsikana uja amapolokozera kolasi, amene mawu ake ndiwo mumayimba mukuchapa, anapatsidwa ya minibasi n'kubwerera kwawo. Wina akafuna mawu omwewo pa nyimbo yake, amupeza bwanji? Timanena tonse kuti mutu umodzi susenza denga, koma denga likakwera, pachithunzi pamaoneka mutu umodzi.

Ndiye aise, iwe amene ukutulutsa nyimbo Lachisanu likubwerali: pansi pa linki ija pa Facebook kapena YouTube, onjeza mizere inayi. Gitala uje, kiyibodi uje, opolokozera uje ndi uje, wosakaniza mawu uje. Sizikudyera bando. Ndipo ife omvera tiyambe kufunsa m'makomenti kuti anayimba besi ndi ndani, mpaka atiyankhe.