Masamu a Tsidya Lino ndi Masamu a Tsidya Lija

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke, bambo wina wa ku Mchesi amawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kupita ku Eliya 3, kumene amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga. Kunyumba amasiya mwana wake wamkazi wa zaka 13 amene ali mu Sitandade 7, ndipo lipoti lake la kusukulu limanena chimodzimodzi teremu iliyonse, kuti ndi wofooka pa masamu. Komatu mwana yemweyo ukamuona Loweruka pamsika, atakhala pambali pa dengu la mayi ake, sungavomereze. Wogula akatenga milu itatu ya tomato ndi umodzi wa anyezi, iye amakhala atawerengera kale chenje ndalama isanafike m'dzanja lake. Amadziwanso kuti dengulo aliike milu ingati kuti mpamba usadyeke. Zonsezi amachita m'mutu, popanda pensulo.

Tsiku lina bamboyo anabwera ndi buku la masamu limene mwana wa abwana ake anali atathana nalo. Mtsikanayo analitsegula pang'onopang'ono monga munthu wosuzumira m'nyumba ya eni ake. Munali mafulakishoni, maperesenti ndi masamu ena achilendo oika zilembo pamalo pa manambala, ndipo pafupifupi funso lililonse linali lochongedwa.

"Ababa, kodi mwini bukuli ali Fomu chani?" anafunsa motero.

"Si wa fomu ayi, mwanangu. Ndi wa msinkhu wako womwewo."

Mwanayo anangoti chete. Mumtima mwake anagamula kuti ana a tsidya lija amabadwa ndi mitu ina, ndipo pa mlandu umenewu anagamula molakwa.

Mtsinje umene bambo ake amawoloka unali malire kuyambira m'nthawi ya atsamunda. Kumadzulo kwake, kumene lero kuli Eliya 3, kunali boma ndi nyumba za Azungu. Kum'mawa kunali masitolo a Amwenye, msika, ndi malo okhala anthu akuda. Sukulu nazo zinatsata khungu: za Azungu paokha, za Amwenye ndi makaladi paokha, ndipo ana a eni dziko anasiyidwa kwenikweni m'manja mwa amishoni. Sukulu ya Bishop Mackenzie inayamba mu 1944 ngati ya ana a Azungu, pamene dziko lonse la Nyasaland linali litangoona kumene sekondale zake zoyamba za anthu akuda, ku Blantyre ndi ku Zomba.

Pokonzekera kusamuka kwa likulu ku Zomba kubwera ku Lilongwe, kumene kunachitika mu 1975, mzinda watsopano unamangidwa ndi ngongole ndiponso akatswiri ochokera ku South Africa, dziko limene panthawiyo linkalamulidwa mwatsankho. Mapu ake anagawa anthu monga mwa matumba awo. Nyumba za mabwalo aakulu za ku Eliya 10, 12 ndi 43 zinaikidwa kufupi ndi City Centre ndi Capital Hill, pamene anthu wamba anaunjikana ku Kawale, ku Chilinde ndi kutali ku Eliya 25. Lero palibe lamulo lobweza mwana pachipata cha sukulu chifukwa cha khungu lake. Abwana a bambo uja ndi Mmalawi, ndipo mwana wawo amakhala desiki limodzi ndi ana a Amwenye, a Azungu ndi a akazembe. Pachipata paja pamene pankaima khungu tsopano paima ndalama, mwakuti sukulu zina zimatchula fizi yake m'madola. Koma popeza chuma chimatsata mbumba, mabanja amene anali patsogolo kale ambiri akali patsogolo.

Tsidya la mtsikana uja lili ndi mbiri yakeyake. Mu 1994 boma linachotsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino ndithu, koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Mpaka pano m'sukulu zambiri za boma mumzindawu, kalasi imodzi ya Sitandade 1 kapena 2 imatha kupitirira ana 100.

Vuto limeneli limapweteka masamu kuposa maphunziro ena. Mwana amene anajomba tsiku limene anzake ankaphunzira za John Chilembwe akhoza kumva bwinobwino za chitaganya mawa lake. Masamu satero. Ali ngati khoma la njerwa, mzere uliwonse umagona pa unzake. Wosamvetsa kuchulukitsa sangagawe, wosatha kugawa mafulakishoni amamukanika, ndipo wolephera mafulakishoni akafika pa masamu a zilembo ku Fomu 1 amangoona ngati matsenga. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kuti mphunzitsi apeze njerwa imene yasowa, ayenera kuyang'ana kope la mwanayo payekha, kuona pamene dzanja linapotokera. Nanga mphunzitsi wa ana 100 angatero liti? Amalemba chitsanzo pabolodi, nafunsa ngati onse amva, kalasi n'kuyankha pamodzi kuti "Eee!" Mtsikana uja wakhala akuyankha nawo chomwecho kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Kenaka pali chiyankhulo. M'makalasi oyamba mphunzitsi amalongosola m'Chichewa, koma kuyambira Sitandade 5 buku ndi mayeso omwe zimayankhula Chingerezi chokhachokha. Funso la mayi wogula madengu awiri n'kugulitsa mopindula, limene mtsikanayu amaliyankha Loweruka lililonse, likabwera m'Chingerezi amalephera kulizindikira. Mwana wa tsidya lija chiyankhulo chimenecho amadyera nacho nsima. Akakakamira pa funso pali magetsi, pali intaneti, ndiponso pali mphunzitsi wolipidwa amene amabwera madzulo.

Mu 2007 bungwe la SACMEQ linayesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo pa masamu Malawi anali wachiwiri kuchokera kumchira, kuposa Zambia yekha. Komabe ana awiri a m'nkhaniyi sadzayesedwa pa sikelo imodzi. Wina adzalemba mayeso a MANEB, winayo adzalemba a kunja. Mpata umene uli pakati pawo udzaonekera mochedwa, pa tsiku lofuna malo ophunzira udokotala kapena uinjiniya.

Umboni woti vuto si mitu ya ana unapezeka pafupi pomwepo. Mu 2013, pasukulu ya pulayimale ya Biwi, ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham anapatsa ana a makalasi oyamba matabuleti okhala ndi masamu a m'Chichewa, okonzedwa ndi bungwe la onebillion. Patangotha masabata 8, ana amenewo anaposa anzawo amene anaphunzira monga mwa nthawi zonse. Makinawo sanachite chozizwitsa chilichonse. Ankangoyenda ndi mwana aliyense pa liwiro lake, m'chiyankhulo chake, n'kumuuza nthawi yomweyo akalakwa.

Mtsikana wa ku Mchesi mwayi umenewo unamuphonya, ndipo chaka chamawa akulemba mayeso a Sitandade 8, amene adzanena ngati apita kusekondale yogonera konko, kusekondale yoyendera ya m'dera, kapena kukakhazikika pa dengu la mayi ake. Buku lija sanalitaye. Usiku wina, atayatsa kandulo, anaima nthawi yaitali pa funso lofuna 3/4 ya 20. Kenaka anatenga tomato 20 wotsala m'dengu, namuika m'milu inayi monga amachitira pamsika, nakankhira mulu umodzi pambali, n'kuwerenga wotsalayo. Anatembenuza bukulo kumapeto kumene kuli mayankho, napeza 15.

"Ababa," anaitana, "kodi tsidya lija ali ndi buku lina lotsatira ili?"