Njinga ya ku nchito ya bambo wa ku Chawama

Bambo wina wa m'komboni ya Chawama mu Lusaka, amene amagwira nchito yowoceleza zitsulo ku mafakitale a kufupi ndi Matero, anakhala miyezi itatu akulingalira za mtundu wa njinga yoti agule. Zifukwa zinali ziwiri. Kuyambira mu December 2021, pamene Boma linaleka kulipirako mtengo wa mafuta a galimoto, ndalama ya basi inayamba kudya gawo lalikulu la malipiro ao, pakuti anali kukwera mabasi awiri m'mawa ndi awiri madzulo. Cifukwa cina cinacokera ku kiliniki, kumene anamwino anawapeza ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, nawauza kuti pamwamba pa mankhwala thupi lao lifunika kutuluka thukuta. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosacepera 150 pa sabata. Bamboyu anawerengera kuti ulendo wa makilomita ngati 10 ungawatengere mphindi 40, kotero masiku awiri okha opita ndi kubwera angakwanitse muyesowo.

Mtima wao unayamba wathamangira ku njinga imene anakula nayo. Atate ao kumudzi ku Katete ali nayo Eagle yakuda, imodzi mwa zija zinali kupangidwa ku Chipata pa fakitale ya Luangwa Industries m'zaka za m'ma 1980. Njingayo inanyamula matumba a cimanga kupita ku cigayo, inanyamula odwala, inanyamulanso bamboyu ali mwana. Ya masiku ano yofanana nayo pa mphamvu ndi Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005. Keliyala yake imasenza makilogalamu 100, koma njingayo payokha imalemera makilogalamu opitirira 20. Kwa mlimi, kapena kwa anthu aja amalowa mu Lusaka m'bandakuca ndi matumba a makala, kulemerako ndiko ubwino wake. Koma katundu wa bamboyu ndi ovolosi ndi kambale ka nsima basi, ndipo usiku njinga iyenera kulowa m'nyumba ya zipinda ziwiri cifukwa ca akuba.

Mwana wao wamwamuna anaumirira njinga ya m'mapiri, ya matayala onenepa ndi masipuling'i kutsogolo. Bamboyu anaiyesa, naona kuti pa tala matayala a zibuthu-zibuthu amalira ndi kugwira pansi, ndipo masipuling'i ochipa amameza mphamvu ya miyendo. Lusaka ndi mzinda wa pa cidikha, ndipo njira yao yambiri ndi ya tala, kutsata mseu wa Kafue ndi wa Lumumba. Fumbi ndi maenje zili m'komboni mokha.

Anasankha ya pakati, imene ogulitsa amaicha hybrid. Zigwiriro zake ndi zowongoka, munthu amakhala mutu uli m'mwamba naona bwino minibasi imene yaima mwadzidzidzi. Matayala ake ndi aakulu pang'ono kuposa a njinga ya mpikisano, ili ndi magiya, ndipo bamboyu amainyamula ndi dzanja limodzi podumpha ngalande. Anaigula ya salaula, atayang'ana kuti ili ndi timabowo tomangirapo keliyala ndi madigadi, pakuti matope a Chawama m'mwezi wa January salemekeza buluku la munthu.

Akazi ao sanakondwere nayo. "Atate ŵake, ndalama yonse ija mwaguliramo kanjinga kowonda cotere? Nanga kadzanyamula thumba la ufa?" Bamboyu anangoti kadzayesa.

Bvuto linabwera patapita masabata asanu, pamene waya unang'amba tayala la kumbuyo. Anapita kumsika, nauza wogulitsa kuti afuna tayala la 28, monga momwe panalembedwera pa lakalelo. Atafika nalo kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo, tayalalo linangolendewera pa limu ngati cibangiri pa dzanja la mwana. Mkuluyo anaseka, nati, "Bambo, ma 28 alipo awiri. Inu mwagula la njinga ya agogo."

Zimene anafotokoza ndi zoona, ndipo zawataitsa ndalama anthu ambiri. Njinga zakuda za mtundu wa Eagle zili ndi limu la mamilimita 635, pamene njinga ya pakatiyi ili ndi limu la mamilimita 622, limene ena amalicha 700C. Onse awiri amachedwa 28, koma kusiyana kwa mamilimita 13 kumakwanira kuti tayala lisakhale. Nambala yoona imalembedwa m'mbali mwa tayala, monga 37-622 kapena 40-635. Ya kumapeto ndiyo ya limu. Wogulitsa uja anakana kulilandiranso, ndipo bamboyu anakwera basi masiku anai asanapeze loyenera mu tauni. Mu Lusaka linapezeka. Munthu wa ku Katete kapena Petauke amene mwana wake wa mu tauni afuna kumtumizira njinga yotere, ayambe wafunsa ngati tayala la 622 ndi cheni ya magiya zimagulitsidwa pa sitolo ya kwao.

Tsopano bamboyu amanyamuka nthawi ya 06.00 koloko, atabvala cikhoto cowala kuti oyendetsa malole pa Lumumba awaone, ndipo amafika ku nchito anzao ena akali pa mzere wa basi. Mankhwala sanaleke, ndipo amapitabe ku kiliniki kukapimitsa. Pa keliyala amamangapo thumba la ufa la makilogalamu 25, ngakhale njingayo imagwedezeka nalo pa maenje ndipo amatsika naikankha.

Tayala la 635 lija analitumiza ku Katete pa basi. Atate ao anabweza mau akuti lakhala bwino pa Eagle, nafunsa ngati la kutsogolo likubwera.