Galimoto ija inali ya yani pa sekondi imeneyo?

Ku Fordsburg ndi ku Mayfair mu Johannesburg, Chiyao ndi Chichewa sizisowa m'makutu. Abale athu ochokera ku Mangochi ndi ku Machinga, ambiri a iwo Asilamu, amagwira ntchito m'masitolo ndi m'malo odyera, ndipo kangachepe komwe apeza safuna kuti kadetsedwe ndi riba. Pomasulira liwuli mtima wanga umathamangira ku "katapira", koma katapira akuchepa: kwa Msilamu ngakhale chiwongoladzanja chochepa cha kubanki n'choletsedwa.

Kosunga ndalama mosaphwanya Shariya kulipo. Banki ya Al Baraka inayamba ku Durban mu 1989, ndipo FNB ndi Absa ali ndi nthambi za Chisilamu. Banki yotere imakhala ndi bungwe la mashehe lovomereza malonda ake, ndipo ambiri amayang'ana malamulo a AAOIFI, bungwe la ku Bahrain.

Taganizani za murabaha. Mukafuna galimoto, banki sikukongozani ndalama. Imagula galimotoyo, ikhale yake, kenaka n'kukugulitsani pamtengo wokwererapo womwe mwagwirizana, muzilipira pang'onopang'ono. Nkhani yonse yagona pa chimene chayamba ndi chimene chatsatira. Banki ikakugulitsani isanagule, yagulitsa chinthu chomwe si chake, ndipo phindu lija lasanduka riba yovala mkanjo.

Kale zimenezi zinkaoneka ndi maso: mapepala awiri, masiginecha, masiku. Lero munthu amadina pafoni ali m'minibasi, zonse n'kutha asanatsike. Apa ndi pamene ine womasulira ndimaima. Shehe anawerenga pangano m'Chingerezi, n'kuliyeza ndi mabuku a Chiarabu, n'kuvomereza. Koma chimene chikugwira ntchito usiku ndi usana si pepala lija ayi, ndi pulogalamu ya kompyuta, chilankhulo chachitatu chomwe anachilemba munthu wina, mwina wosadziwa n'komwe murabaha. Ntchito yanga yandionetsa kuti tanthauzo limatayikira pa timawu tating'ono ngati "kenaka". Wolemba pulogalamu atasinthanitsa mizere iwiri kuti zinthu zizithamanga, cholakwacho chidzabwerezedwa kwa kasitomala aliyense mwakachetechete.

Sindikunyoza makinawa. Woyendera mabuku amatapako mafayilo ochepa chabe, pamene kompyuta imalemba nthawi ya chochitika chilichonse, ndipo ingathe kukana kugulitsa galimoto yomwe banki sinagule. Chofunika n'chakuti pakati pa oyang'anira Shariya pakhale wodziwa kuwerenga pulogalamuyo, ndipo aziyiwerenganso nthawi iliyonse ikasinthidwa.

Cholakwa chikapezeka, phindu lodetsedwalo limaperekedwa ku ntchito zachifundo, ndipo mashehe amalemba lipoti lawo la pachaka. Banki yayeretsedwa. Nanga m'bale wathu uja, amene anangoona liwu loti "Shariya" pafoni n'kukhulupirira? Lipotilo lili m'Chingerezi cha akatswiri a zachuma. Ndikadakonda tsamba limodzi lokha, m'Chiyao kapena m'Chichewa, lomuuza tsiku ndi nthawi yomwe banki inagula galimoto yake, ndi nthawi yomwe inamugulitsa.