NJIRA ZA M'CHIGWA CHA LUANGWA: ILIYONSE NDI NYENGO YAKE

Ku Canada, m'chigawo cha Quebec kumene kunachokera ena mwa ansembe amene anatumikira mu dayosizi yathu ya Chipata, kuphatikizapo Ambuye Firmin Courtemanche, anthu ambiri amadikira chisanu monga momwe ife a m'chigwa timadikirira chilimwe. Chipale chofewa chikakuta dziko lonse, iwo amatulutsa timakina totchedwa snowmobile, tofanana ndi njinga yamoto koma topanda mawilo: kutsogolo tili ndi timatabwa totsetsereka, kumbuyo lamba wogwira pansi. M'chigawo chimenecho chokha muli njira zake zoposa makilomita 30,000, ndipo wokwera aliyense ali ndi njira yake yapamtima.

Koma makina amenewa sanabadwe chifukwa cha masewera ayi. Mu 1934 mwana wa Joseph-Armand Bombardier, mmisiri wa m'mudzi wa Valcourt, anamwalira chifukwa chipale chinatseka msewu wa ku chipatala. Bamboyo analimbikira kufuna chokwera chimene chisanu sichingachiletse, ndipo mu 1959 anatulutsa kamakina kakang'ono kotchedwa Ski-Doo. Kamodzi mwa toyambirira anakapereka kwa Bambo Maurice Ouimet, wansembe amene ankatumikira midzi yakutali kumpoto kwa Ontario. Kuno kwathu chipale kulibe, koma nkhaniyi tikuimva msanga, pakuti nafenso tili ndi njira zimene zimatseguka ndi kutsekeka potsata nyengo, tili ndi njinga zathu, ndiponso tili ndi odwala amene mtsinje umawatsekereza. Tiyeni tsono, owerenga okondedwa, tiyendere limodzi njira zinayi za m'boma la Mambwe zimene ife timazikonda.

Kutsika kuchokera ku Chipata

Njira yoyamba ndiyo imene mlendo aliyense amadzera: msewu wa makilomita pafupifupi 130 wochokera ku Chipata kukafika pa mlatho wa Mfuwe. Kwa zaka zambiri unali wafumbi ndi wamabampu, wothyola masipoko ndi misana yomwe, koma tsopano ndi watala. Ubwino wake wagona pa kutsika. Chipata ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, pamene Mfuwe ali pa theka chabe la msinkhu umenewo, kotero wokwera njinga amamva ndi thupi lake dziko likusintha. Mphepo yozizira ya kumapiri imatsala m'mbuyo, mitengo ya tsanya ndi milambe imayamba kuoneka, ndipo podutsa kwa Jumbe ndi ku Masumba thukuta limakhala litayamba kale.

Kuno ndi kwa Akunda, amene ali pansi pa mafumu asanu ndi mmodzi: Mfumu Yaikulu Nsefu, a Jumbe, a Kakumbi, a Malama, a Mnkhanya ndi a Msoro. Chaka ndi chaka amakumana pa mwambo wao wa Malaila. Pafupi ndi mlatho pali msika umene anthu mpaka lero amautchula kuti Cropping. Dzinali ndi chikumbutso cha zaka za m'ma 1960, pamene boma linkapha njovu ndi mvuu pofuna kuchepetsa chiwerengero chake, nyama n'kumaikonzera pamalopo. Ana athu ambiri amatchula dzinali osadziwa chimene linachokera.

Njira za ku mamishoni

Njira yachiwiri si imodzi kwenikweni, koma timisewu tonse tochoka pa tala kulowera kumidzi. Kumeneko ndiko njinga imaonetsa ufumu wake. Kuli kamsewu ka ku Chikowa, kumene amishoni a Comboni ali ndi parishi ndi sukulu yophunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja. Kuli ka ku Kamoto, kumene abale athu a Reformed ali ndi chipatala chimene chathandiza anthu a mipingo yonse. Kulinso ka ku Msoro, m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, kumene Leonard Kamungu, wansembe wachikuda wa Anglican wochokera ku Nyasaland, anayambitsa mishoni namwalira komweko mu 1913. Iye analibe njinga yamoto. Anayenda dziko limeneli ndi mapazi.

Timisewu timeneti timakoma kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti, anthu atakolola ndipo dzuwa lisanapse. Wokwera amadutsa m'minda ya thonje, m'madimba ndi m'midzi momwe amai akupuntha mpunga kapena mapira, ndipo paliponse pamene waima amapatsidwa madzi ndi mpando asanafunsidwe dzina. Mitsinje yambiri panthawiyi imakhala mchenga wokhawokha. Wanzeru amatsika n'kukankha njinga yake, chifukwa mchenga wa m'chigwa sulemekeza munthu wothamanga.

Kumpoto, kwa Nsefu

Njira yachitatu ndiyo yokongola koposa zonse m'maso mwathu. Imachoka kufupi ndi Mfuwe kulowera kumpoto, kuoloka mchenga wa mtsinje wa Msandile, n'kulowa m'gawo la paki lotchedwa Nsefu. Opitirira amakafika ku paki ya Luambe, kwa Chitungulu, mpaka kukwera ku Lundazi. Mtsinje wa Luangwa umakhotakhota kumanzere, ndipo pamene unasiya njira yake yakale pamatsala mathawale odzaza ndi mvuu, ng'ona ndi mbalame zosawerengeka. Pansi pa mitengo ya mchenja ndi mivunguti pamaima nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft, zimene sizipezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'chigwa chino chokha. Mu Seputembala ndi Okutobala timbalame tofiira timakumba zisa zake m'magombe a mtsinje, gombe lonse n'kuoneka ngati layalidwa nsalu.

Dera limeneli lili ndi mbiri yake. Mu Disembala 1866 David Livingstone anaoloka Luangwa chakumpoto kwake, mvula itayamba kale. Cha m'ma 1950, Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya nthawi imeneyo kuti mbali ya dziko lake ipatulidwe, alendo azidzaona nyama, ndalama zake n'kumapita kwa eni dziko. Pamenepo ndipo panaphukira mwambo wotchuka wa m'chigwa chino, woyenda pansi kukaona nyama motsogozedwa ndi msilikali wa nyama wonyamula mfuti. Paki ya South Luangwa, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse, inakhazikitsidwa mu 1972. Wodutsa njira ya kwa Nsefu akumbukire kuti pali zipata ndi malamulo ake: alembetse polowa, asapatuke pa msewu, ndipo amvere zimene alonda a pachipata amuuza za kumene njovu zili tsiku limenelo.

Kumwera, kwa Malama

Njira yachinayi ndi ya olimba mtima. Imachoka kwa Kakumbi kutsata mtsinje kulowera kumwera, kudutsa m'munsi mwa mapiri a Chindeni, kufika kwa Malama, ndi kupitirira mpaka ku Petauke. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu, wa makwawa otsika ndi okwera, wa nkhalango ya tsanya imene munthu angayendemo nthawi yaitali osakumana ndi mnzake. Madzulo, dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri a Muchinga kutsidya la mtsinje, ngakhale munthu wouma mtima amapezeka akutamanda Mlengi. Koma kuno ndikonso kwao kwa ntchentche za kashembe, zimene zimathamangira chinthu choyenda ndiponso zimakonda zovala zakuda ndi zabuluu. Valani zoyererako, za manja aatali. Ndipo ngati mwabwerako ndi malungo osamva mankhwala, uzani adokotala kumene munali, pakuti ntchentche zimenezi zimapatsa matenda a kaodzera.

Malangizo kwa wokwera

Akulu anati safunsa anadya phula. Musananyamuke funsani eni mudzi za njira ya kutsogolo, ndipo mukafika kumudzi kwachilendo yambani mwaonekera kwa a nyakwawa. Tengani madzi okwanira, pompi, zigamba ndi sulushoni. Wa njinga yamoto aonjezere pulagi ndi petulo wapadera, popeza kumidzi sapezeka nthawi zonse. Yendani awiriawiri. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, choncho masana pumani pamthunzi. Komabe musathawe dzuwa poyenda mbandakucha kapena chisisira, chifukwa imeneyo ndiyo nthawi imene njovu zimapita ndi kubwerera ku minda ndi ku mtsinje. Mukaona ndowe zatsopano kapena nthambi zothyoka kumene, imani ndi kumvetsera. Njovu ya mwana siipatsidwa mpata waung'ono. Ibwerereni patali, dikirani, ngakhale Misa ichedwe. Mabanja angapo m'chigwa chino alira maliro a anthu amene anafuna kupyola mwaliwiro.

Mvula ikagwa

Zonse tafotokozazi ndi za chilimwe. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, kusiyapo msewu wa tala, njira zimenezi zimasanduka zina. Dothi lakuda la makande, limene mu Ogasiti limauma gwa mpaka kung'aluka, likamwa madzi limamata m'mawilo kufikira njinga itakana kuyenda, mwini wake n'kuisenza pamapewa. Mitsinje ija inali mchenga, Lupande, Msandile ndi inzake, imadzaza usiku umodzi ndi madzi a mvula imene yagwa kumapiri, ngakhale kumudzi kuno kusanadonthe kanthu. Madzi saiwala khwawa. Mu Febuluwale 2007 Luangwa anasefukira kwambiri, namiza minda, midzi ndi nyumba za alendo zomwe.

Alendo oona nyama panthawi imeneyi amachepa, ndipo misasa yao ya m'tchire imatsekedwa kudikira Meyi kapena Juni. Koma eni dziko satseka midzi yao. Mai woyembekezera amafikabe tsiku lake mu Januwale. Mwana amadwalabe malungo, ndipo kawirikawiri ndi m'dzinja momwemo. Wokalamba amafunabe kudzozedwa mafuta a odwala. Njira imene mlendo anaiyamikira mu Julayi kuti ndi yokongola chifukwa ndi ya kutchire, ndi yomweyo imene mu Febuluwale anyamata anayi amadutsamo atanyamula wodwala pa machira, matope ali m'maondo. Apa ndipo nkhani ya bambo wa ku Valcourt uja imasanduka yathu.

Sitinena izi podandaula za mvula ayi. Walira mvula walira matope, ndipo madzi omwewo ndiwo amabweretsa chonde m'madimba ndi nsomba m'mathawale. Tikunena kuti popeza nyengo timaidziwa, tiyenera kuikonzekera pamene njira zikali zotseguka. Makhonsolo a matchalitchi akumidzi aonane ndi abambo mfumu nthawi ikalipo, kuti maubatizo, maukwati ndi kuyendera odwala zichitike mvula isanafike, ndiponso kuti otsogolera mapemphero opanda wansembe aphunzitsidwe bwino ndi kupatsidwa mabuku. Mabanja amene ali ndi mai wapakati amuperekeze kufupi ndi chipatala mitsinje isanadzaze, osadikira kuti matenda ayambe. Amuna a m'mudzi agwirizane kukonza pa maoloko ndi kusamala bwato. Ndipo amene timawasankha kuyang'anira ndalama zochokera ku nyama tiwafunse poyera, mwaulemu koma mosaopa, kuti gawo lanji lapita ku timilatho ndi misewu yakumidzi. Mgwirizano uja wa Mfumu Nsefu unali wakuti nyama zipindulitse eni dziko, ndipo phindu loyamba kwa munthu wa kwa Malama ndi njira yofikira kuchipatala.

Kwa inu a ku Chipata, ku Katete, ku Lusaka ndi kwina amene simunatsikepo m'chigwa, tikuti bwerani. Alendo amaoloka nyanja kudzaona chimene inu muli nacho pakhomo. Mu 2015 Papa Francis, m'kalata yake yotchedwa Laudato Si', anatikumbutsa kuti kusamala chilengedwe ndi kusamala osauka ndi ntchito imodzi, ndipo m'chigwa cha Luangwa zimenezi zimaoneka ndi maso. Chipembere chimene makolo athu ankachiona m'njira zimenezi chinatha ndi opha nyama mozemba, ndipo ana a ku Mambwe amachidziwa pa chithunzi chokha. Bwerani tsono pakati pa Juni ndi Seputembala, ndi gulu la achinyamata kapena la kwaya, mugone ku parishi, mupemphere ndi Akhristu anzanu a kumidzi, muone nyamalikiti ndi mvuu. Koma poyenda muziwerenga makwawa amene mukuoloka, ndipo mvula ikayamba kugunda pa malata a nyumba zanu mu Disembala, kumbukirani m'mapemphero ndi m'zopereka zanu abale amene atsala kutsidya kwa makwawa amenewo.