Chifukwa chake milomo ndi mawu zimasemphana

Wokondedwa mphwanga,



Wandidandaulira kuti mukamaulutsa mapemphero pa Facebook, mawu a abusa akumamveka iwo asanatsekule pakamwa, ndipo akuluampingo akukuyang'ana ngati wawononga makina ndiwe. Mtima m'malo. Vutoli ndi lakale kuposa agogo athu, chifukwa chithunzi ndi mawu chiyambire zimagwidwa ndi makina awiri osiyana, aliwonse ndi liwiro lake.

Mu 1913 Thomas Edison anatulutsa makina otchedwa Kinetophone. Galamafoni inkakhala kutsogolo pafupi ndi chinsalu, pulojekita kumbuyo kwa holo, ndipo ziwirizi ankazilumikiza ndi chingwe chachitali choyenda pa timawilo. Woonetsa kanema akangotayirira pang'ono, munthu wa pachinsalu ankatsala akuyasama mawu atatha kale. Sipanapite nthawi makinawo anawasiya.

A Warner Bros. anabwera ndi Vitaphone mu 1926, ndipo ndi imene anapangira The Jazz Singer chaka chotsatira. Mawu ankakhala pa mbale yaikulu ya mainchesi 16, yozungulira maulendo 33⅓ pa mphindi, mbale imodzi kuperekeza mpukutu umodzi wa filimu kwa mphindi pafupifupi 11. Zinkayenda bwino mpaka singano italumpha, kapena filimu itaduka. Ikaduka, sikunali kungomata ayi. Wokonza ankawerenga tizithunzi tomwe tawonongeka n'kuikapo takuda tochuluka chimodzimodzi, popeza mbale sungaidule. Owonera ankaona mdima kamphindi, koma milomo n'kukhalabe m'malo mwake.

Mbale zinatha pamene anayamba kujambula mawu m'mphepete mwa filimu yomweyo, n'kugwirizana kuti tizithunzi 24 tizidutsa pa sekondi. Apa ndiye pali chomwe ndikufuna uchigwire. Mu pulojekita, chithunzi chimayenda moimaima kuti diso lichione, pomwe mawu amafunika kuyenda mosadukiza, choncho sizingawerengedwe pamalo amodzi. Pa filimu ya 35mm anachita kuika mawu tizithunzi pafupifupi 20 patsogolo pa chithunzi chake. Anazisiyanitsa dala pa filimu kuti zikakumane bwino pamaso pa woonera. Kabokosi ka Sync Offset mu OBS, pulogalamu ya pakompyuta youlutsira, komwe ukapeze pa Advanced Audio Properties, ndi nzeru yomweyo. Chithunzi chako chimachedwa m'kamera ndi mu capture card, pomwe mawu ochoka pa mikisa amathamangira mu kompyuta osayima paliponse. Uyenera kuwadikiritsa.

Kuwadikiritsa motani? Apanso akale anatisiyira njira, kathabwa komwe amakamenyetsa patsogolo pa kamera akangoyamba kujambula. Iwe ingoimika munthu patsogolo pa kamera, aombe m'manja kamodzi mwamphamvu, ujambule. Ukatero werenga tizithunzi kuyambira pomwe phokoso lamveka kufika pomwe manja akumana. Ngati ukujambula 25 pa sekondi, kachithunzi kamodzi ndi mamilisekondi 40. Tikakhala 5 ulembe 200 m'kabokosi kaja. Ukakayika, ndi bwino mawu achedwe pang'ono kusiyana n'kuti atsogole. Tinakula tikuona wodula mtengo kutsidya nkhwangwa itatera kale, kugunda kwake n'kumatipeza pambuyo, chifukwa mawu amangoyenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Mutu unazolowera zimenezo. Akatswiri a ITU anapeza kuti munthu amayamba kuzindikira mawu akatsogola ndi mamilisekondi 45 okha, koma akachedwa amapirira mpaka 125.

Pali matenda achiwiri omwe kabokosiko sikangachize, ndipo ambiri amataya nawo nthawi. Pulogalamu imayamba bwinobwino, koma pofika pa ulaliki milomo yatsalira kutali. Apo ndiye kuti mawotchi a makina awiriwo sakuyenda mofanana. Mu 1953, anthu a ku America poyambitsa wailesi ya kanema ya mitundu anatsitsa liwiro kuchoka pa 30 kufika pa 29.97, pofuna kuti mitundu isasokonezane ndi mawu. Kusiyanako kumaoneka kwachabe, koma pa ola limodzi kumakwana masekondi 3.6, ndipo mpaka lero makamera ambiri amabwera atatcheredwa motero ngakhale kwathu kuno timayendera 25. Ojambula a m'ma 1960 ankalimbana ndi vutoli polumikiza kamera ndi tepi ya Nagra, makina a Stefan Kudelski, kuti kugunda kwa injini ya kamera kuzilembedwa pa tepi ya mawu. Kenako kunabwera timiyala ta quartz tosunga nthawi m'makina aliwonse, chingwe chija n'kuchoka, kenakonso timecode yopatsa kachithunzi kalikonse ola, mphindi, sekondi ndi nambala yake.

Ifeyo masiku ano timadzibweretsera tokha matendawa. Nyimbo za pa CD zinatengera 44.1 kHz pomwe kanema amayendera 48 kHz, ndiye uonetsetse kuti mikisa, Windows ndi OBS zonse zili pa 48. Mafoni nawonso ali ndi khalidwe losinthasintha liwiro la tizithunzi kukada kapena foni ikatentha; zojambula pafoni uzizidutsitsa kaye mu pulogalamu ya HandBrake, usankhe Constant Framerate, usanazilumikize ndi mawu ojambulidwa padera. Za mahedifoni a Bluetooth poyesera, iwala, amachedwa paokha ndipo akunamiza.

Ndikadakhala ine, ndikadayamba n'kuona ngati kamera yanu ili ndi polowetsera maikolofoni. Ngati ilipo, tenga chingwe kuchoka pa mikisa ulowetse m'kameramo, utsitse mphamvu ya mawu kuti asang'ambike, ndiye chithunzi ndi mawu zitulukire limodzi pa HDMI. Uyese Loweruka kutchalitchi kulibe anthu, ndipo ujambule kwa ola lathunthu, kuomba m'manja poyamba ndi pomaliza, kuti udziwe matenda omwe uli nawo pa awiriwa.

Undipatsire moni mlamu ndi ana.

Ndine mkulu wako.